Mbande za ku Kachitsa

Pakhonde pa nyumba ya Lameki Fundo panali mpando wa ndalema umene sunkayang'ana kumsewu ngati mipando ya anthu ena. Unkayang'ana kukhomo la mlamu wake, Sankhani. Akaweruka kumunda, Lameki ankakhala pampandopo, wailesi ili pamwendo koma yosatsegula, maso ali tong'o kuona amene walowa ndi amene watuluka kwa mlamuyo. Sankhani akaseka ndi mkazi wake, Lameki ankati akuseka iye. Akapanda kuseka, ankati pali chimene akupangana. Munthu wotere, abale, ngakhale mutamupatsa moni amayamba wautembenuza kuti aone chimene chili kunsi kwake.

Koma tisamunamizire, ulesi analibe. Kwawo kunali kwa Simlemba. Anabwera kwa Lukwa ali mnyamata kudzagwira ntchito pa esiteti ya fodya, n'kuona Lefina akuimba kwaya, basi ulendo wobwerera kwawo unathera pomwepo. Anakhala mkamwini, kulima munda wa kuchikazi, kumwa madzi a kuchikazi, ndipo mwana wawo Yankho anabadwira pamudzi pomwepo. Apongozi ake, a Nachisale, sanamunenepo choipa. Sankhani, mchimwene wake wa Lefina, amene ankayang'anira mbumba chimwalirireni amalume awo, anamudulira munda wabwino ngakhale minda inali itayamba kale kuchepa, ndipo ngolo ankamubwereka osawiringula. Komabe mumtima mwa Lameki munali kachirombo kamene kankamunong'oneza kuti anthu awa amamukonda monga mlimi amakondera ng'ombe ya pagoli.

Chaka china, anthu atangomaliza kukolola, Lameki anapita kwa Simlemba kukaona amayi ake. Bambo ake aang'ono, a Ephraim, anamutengera kumunda wa malemu bambo ake. Unali munda wa dothi lakuda, wotsetserekera kumtsinje, koma tsopano unali tchire lokhalokha.

"Munda uwu wagona mokwana," anatero a Ephraim. "Amayi ako khasu lawakanika. Ine ndautchinjiriza, koma mwana wanga Ronald wakwatira ndipo sakundigonetsa tulo. Ndikupatsa dzinja likubwerali. Tikadzakolola iwe usanabwere kudzakhala kuno, ndidzamuuza Ronald alowemo. Wapulika?"

"Ndamva, bambo."

Kumva anamva, koma mkamwini sangodzuka n'kunyamula mkazi ngati thumba la chimanga. Amayenera kupempha chitengwa, kuti eni mbumba avomere mwana wawo akakhale kuchimuna. Lameki anatuma ankhoswe, ndipo Sankhani sanachedwetse mawu.

"Palibe choletsa," anatero. "Koma mlongo wangayu asakagone m'khitchini mwa apongozi ake. Alamu akamange nyumba yooneka, ya njerwa ndi malata, tikaione, basi amutenge. Ngati pali pofunika dzanja langa, anene."

Ankhoswe anabwerako akumwetulira. Lameki sanamwetulire. Anakhala pampando wake uja n'kuyamba kuwatafuna mawuwo. Malata! Akudziwa kuti sindingawapeze. Akufuna ndikalambire pano ndikuwalimira. Ndipo zoti ndinenezo, akufuna adziwe kumene ndikuponda kuti akatchereko msampha.

Tsiku lina masana Lefina anali pamphasa akusankha mtedza. Wamakoko akuluakulu ankauponya m'kathumba kapadera.

"Kathumbako n'ka ndani?" anafunsa Lameki.

"Ndi mbewu."

"Mbewu tinasunga kale."

"Iyi ndi ina," anayankha Lefina akumwetulira. Lameki anangoti mumtima, wa achimwene ake umenewo.

Kenaka mayiyo anaikhazika nkhani. "Bambo a Yankho, nyumba ija simangika ndi kukhala duu. Tiyeni tiponyerane nzeru."

"Ponyani ndimve."

"Soya chaka chino wayenda bwino. Mutalowa kalabu ya alimi ija, mbewu amabwereketsa, ndipo amagulitsa pamodzi."

"Wapampando wa kalabuyo amamwa tiyi ndi achimwene anu. Thumba langa lidzapepuka pasikelo ine ndikuyang'ana."

"Nanga nkhumba? Amayi ali ndi yaikazi ya bere. Atatigawira tiana…"

"Nkhumba imadya chilichonse chimene munthu waiponyera. Ndidzangopeza zitauma m'khola, anthu n'kumati ndi chigodola."

"Njinga muli nayo. Anzanu akupalasa kabaza ku Boma."

"Ehe! Ndichoke pano kuti muzindikambirana momasuka?"

Lefina anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu wotopa. Anatchula zoumba njerwa zogulitsa, Lameki anati njerwa zimafuna manja ambiri, ndipo pa manja ambiri pamakhalanso pakamwa pambiri. Anatchula tomato wa m'dimba, anati mbuzi za pamudzi pano zimadziwa kutumidwa.

Taonani mmene munthu ameneyu ankasankhira. Anzathu akamayesa ganizo amadzifunsa kuti, kodi libala? Zofunika ndili nazo? Ndani analiyesapo, ndipo zinamuthera bwanji? Lameki funso lake linali limodzi lokha: kodi lifuna munthu wina? Likangofuna munthu, ganizolo lafa.

"Ndiye kwatsala fodya," anatero Lefina. "Fodya mumamudziwa kuposa aliyense pano. Chigafa chimodzi chodzaza bwino, malata apezeka. Achimwene akuti kudambo malo alipo. Mukafese nazale yanu pafupi ndi yawo, muzitunga chitsime chimodzi."

Fodya Lameki anamulola mumtima, pakuti pamenepo ndiye panali luso lake lenileni. Koma za kudambo, ayi. Anthu onse a pamudzipo ankafesa nazale zawo kudambo lalikulu, mabedi kugundana, makeni othirira kubwerekana, chifukwa zitsime za kumeneko siziphwa. Kwa Lameki kumeneko kunali kuika mazira pakati pa njira. Wina adzaponda, wina adzathira mchere, wina adzazula kambande kamodzi n'kukapangira mankhwala okawira, aja amati amakoka zokolola za mnzako kuti zikadzaze kwako. Anatsimikiza kuti mbande zake zidzamera kumene kulibe diso la munthu.

M'mwezi wa Ogasiti, akudula mphanda za chigafa choyanikiramo fodya m'tchire la apongozi ake, anatulukira pamalo otchedwa Kachitsa. Kuseri kwa chulu chachikulu kunali kadziwe, madzi ali mbee, bango lili biriwiri, dothi lakuda loti ukaponda phazi limalowa. Panalibe bedi, panalibe dimba, ngakhale kanjira ka munthu panalibe. Lameki anagwada n'kumwa madziwo ndi manja. Anali ozizira, okoma.

Munthu wina akanadzifunsa kuti, pamudzi podzaza alimi, anthu olimbirana kachigawo ka dambo mpaka kutukwanizana, malo okoma chotere angakhale bwanji osaonapo khasu? Funsolo linamufikira Lameki ndithu, koma analiyankha yekha.

"Akusungira ana awo," anatero. "N'chifukwa chake sanandiuzepo."

Ntchito ndiye anaigwira ngati munthu wolumidwa ndi njuchi. Anatema bango, anagaula, anaunda mabedi, anaunjikapo mapesi n'kutentha kuti dothi lipse. Seputembala atalowa anathira njere za fodya m'keni ya madzi, tinjere tija tochepa ngati fumbi, n'kufesa, n'kuphimba ndi udzu. Pochoka kunyumba ankanyamula nkhwangwa kuti anthu aziti akukadula mitengo, makeni atawabisa m'bango. Njira ankasinthasintha, lero kudzera kumanda, mawa kuseri kwa tchalitchi. Ngakhale Lefina sanamuuze.

Koma utsi wa mapesi subisika, ndipo amayi omweta udzu ali ndi maso. Pamene Lameki ankazembera kuseri kwa tchalitchi, mudzi wonse unali ukudziwa kale kumene akupita.

Mmawa wina a Nachisale anafika pakhomopo. Mwa mwambo, mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, choncho mayi wokalambayo anaima kuseri kwa nkhokwe n'kuitana mwana wake. Ankalankhula ndi Lefina, koma mawu anawakweza kuti akafike pakhonde.

"Lefina, uwauze eni nyumba ino kuti madzi a ku Kachitsa ndi alendo. Dzuwa la Okutobala likangokwiya, amanyamuka osatsanzika. Malemu bambo ako anayesapo dimba kumeneko, anakolola misozi. Nthawi ikadalipo, akafese kudambo."

"Ndamva, amayi. Ndiwauza."

"Usachite kuwauza, amva okha."

A Nachisale atapita, Lefina anabwera pakhonde n'kukhala pansi. "Mwamva?"

"Ndamva kuti ndili ndi anthu onditsata kumbuyo," anatero Lameki, mitsempha ya m'khosi itaima. "Akanakhala malo oipa, akanangondisiya ndigwe kuti aseke. Achita kutuma nkhalamba chifukwa zawapweteka."

"Bambo a Yankho, amayi anabadwira pano. Ngati simukuwakhulupirira, kafunseni wina aliyense, ngakhale wa mudzi wina."

"Pomanga khola safunsa fisi."

Lefina anadzuka n'kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Poyamba zinaoneka ngati Lameki wapambana. Mbande zinamera zothithikana, zobiriwira, zoti mlangizi akanaziona akanavula chipewa. Bamboyo ankabwerako akuimba mluzu, ndipo chigafa chake anachimanga chachitali kuposa cha Sankhani, kuti mlamuyo azichiona akangotsegula chitseko. Chimodzi chokha chinkamuwawa. Mmawa uliwonse Lefina ankanyamula keni n'kulowera kudambo, kumene kunali nazale ya mchimwene wake. Atamufunsa, anati akukathirira. Lameki anangopukusa mutu. Mkazi wanga yemwe, kukalemeretsa adani anga!

Okutobala anafika ndi dzuwa lake lija loswa mtengo. Mvula ya chizimalupsa sinagwe. Tsiku lina Lameki anaona kuti mwala umene ankapondapo potunga uli patali ndi madzi. Anati ndi maso ake. Sabata yotsatira keni inayamba kukokera matope. Anatenga khasu n'kukumba pakati pa dziwelo, madzi n'kubwera pang'ono, ofiira, mawa lake osapezekanso. Anakumbanso mpaka dzenje linamufika m'chiuno, khasu n'kulira pamwala. Kadziwe kaja kanaphwa, dothi n'kung'ambikang'ambika ngati chidendene cha mlimi.

Apa ndiye panali poti munthu ameze malovu, apite kudambo akagwade. Lameki anamangirira zigubu panjinga. Ankapita kumjigo masana dzuwa lili paliwombo, poganiza kuti anthu akhala akupuma m'mithunzi, koma pamjigo sipasowa amayi.

"Alamu, madzi onsewa mukusamba kangati patsiku?" anamufunsa mayi wina.

"Ndikuumba njerwa."

"Koma njerwa za ku Kachitsa zimenezo zikumwa madzi!" anatero mayiyo, anzake n'kuphulika kuseka.

Lameki anakankha njinga osacheuka. Mtunda unali wautali, njira ya mchenga, ndipo zigubu ziwiri pa mabedi onse aja zinali ngati kulavulira pamoto. Mbande zinayamba chikasu, kenaka kufota, kenaka kupsa kuyambira m'mphepete. Munthu anaonda, maso analowa, mapewa anasupuka. Ine ndinkamumvera chisoni, koma chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, chifukwa madzi osaphwa anali pomwepo kudambo ndipo palibe anamuletsa. Pofika Novembala, ku Kachitsa kunatsala udzu wophimbira wokha.

Mitambo itayamba kusonkhana, Sankhani anabwera yekha pakhomo pa Lameki. Anakhala pachitsa, navula chipewa.

"Alamu, ndabwera ndi nkhani yaifupi. Tsiku lija amayi anabwera pano, ine ndinafesa bedi lina lalikulu pambali pa anga. Ndi lanu. Mbande zakhwima bwino, zikungodikira mvula. Ikagwa, kazuleni muwokere."

Lameki anamuyang'anitsitsa. "Munadziwa bwanji kuti zanga zidzafa?"

"Aliyense ankadziwa, alamu. Kachitsa amaphwa chaka ndi chaka."

"Ndinapeza madzi odzaza. Aphwa nditafesa ine."

Sankhani anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mlamu wake kuseka kunamuthera. "Mukuti chiyani kodi?"

"Ndikuti munthu safesera mnzake bedi asanaone maliro a mbande zake, pokhapokha ngati maliro akewo akuwadziwa chiyambi chake."

Lefina, amene ankamvetsera ali pakhomo, anabwera n'kugwada pafupi ndi mwamuna wake. "Bambo a Yankho, musachimwe. Bedi limenelo ndathirira ndine. Mmawa uliwonse mumandiona ndi keni, ndinkapita kukathirira fodya wanu. Sindinakuuzeni chifukwa mukanandiletsa."

Mukuganiza kuti mawu amenewa anamufewetsa? Anachita ngati wathira palafini pamoto.

"Ohoo! Ndiye munali limodzi! Inu kundisekerera m'nyumba, kunja mukupangana ndi achimwene anu. Ndiwokere mbande zimenezo kuti fodya akadzacha mudzati mbande zinali zathu? Kuti ndidzakhale kapolo wa bedi limodzi mpaka imfa?"

"Ngati vuto ndi limenelo," anatero Sankhani, akudzigwira, "chaka chamawa mudzandifesere bedi lina, tidzakhale tabwezerana."

"Sindiwokera chinthu chimene sindikudziwa chimene anathiramo."

Sankhani anavala chipewa chake n'kuimirira. "Mwanditchula mfiti pakhomo pa mlongo wanga. Chifukwa cha iyeyu, ndazimeza. Mbande ndizisunga mpaka mvula yachiwiri. Ikadutsa imeneyo ndipatsa wina, chifukwa mbande sidikira munthu."

Mvula yodzalira inagwa usiku wa Lachisanu, ndipo kutacha mudzi wonse unali m'minda, madengu a mbande pamitu, ana ndi akulu omwe. Mizere ya Lameki inali yokonzeka kale, yowongoka bwino, yopanda kanthu. Iye anakwera njinga kukafuna mbande kwa anthu osamudziwa, midzi ya kutali kumene kunalibe mlamu. Koma ndani amagawa mbande asanadzaze munda wake? Kulikonse ankamuuza kuti abwerenso akamaliza kuwokera, mwina zidzatsalako.

Mvula yachiwiri inagwa. Lefina anamupempha kachiwiri, misozi ili m'maso. Lameki anati nkhaniyo inatha. Sankhani anadikirabe mpaka Lamulungu litadutsa, kenaka anaitana Chikhumbo, bambo wina amene nazale yake inadyedwa ndi ng'ombe, n'kumuuza kuti akazule bedi lonselo. Tsoka lake, munda wa Chikhumbo unali wogundana ndi wa Lameki.

Khirisimasi itadutsa m'pamene Lameki anapeza mbande zotsalira kwa mlimi wina wa kwa Mwase. Zinali zokalamba, zazitali, zowonda ngati miyendo ya udzudzu. Anawokera, anathira feteleza, anapalira, anachita zonse zimene anaphunzira pa esiteti. Koma fodya wochedwa ndi wochedwa basi. Anapinimbira, masamba n'kukwinyika, ena kuchita mawanga. Tsidya la malire, fodya wa Chikhumbo anakula mpaka kubisa munthu woimirira, masamba otambalala ngati a nthochi. Lameki ankapalira atafulatira malirewo, koma mphepo ikaomba ankamva masamba aja akuwayula kumbuyo kwake.

Nthawi yothyola itakwana, Chikhumbo anasowa poyanika mpaka anakabwereka malo m'chigafa cha Sankhani. M'chigafa chachitali cha Lameki fodya anangodzaza kangodya kamodzi, kwinako mbuzi n'kumabisalako mvula. Atasankha n'kudinda, sanakwane ngakhale belo. Malata a nyumba anathera m'maloto, ndipo kwa Simlemba sikunaumbidwe njerwa ndi imodzi yomwe.

Anthu atakolola chimanga, foni ya Lameki inalira. Anali a Ephraim.

"Tamaliza kukolola kuno. Ukubwera?"

"Bambo, mundipatseko chaka china. Zinthu sizinayende."

"Mwana wanga, mawu ndinanena pamaso pa abale, sindingawabweze. Ronald wayamba kale kugwetsa tchire. Amayi ako aziwapatsako chakudya, usadandaule. Ukafuna kudzacheza, khomo ndi lotsegula."

Kudzacheza! Pamunda pa bambo ake omubala, Lameki anasanduka mlendo wodzacheza. Anaika foni m'thumba n'kulunjika kwa Sankhani, amene anali pansi pa mtengo wa mango akukonza goli la ngolo.

"Mwakondwa tsopano, alamu," anatero Lameki. "Munda wa kwathu wapita. Ng'ombe yanu yatsala m'khola."

Sankhani anaika sompho pansi. Anamuyang'ana mlamu wakeyo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kupumira m'mwamba.

"Ine kukondwa? Alamu, lero ndikuuzani zoona, chifukwa ulemu sunatithandize. Pamudzi pano panalibe munthu wofunitsitsa kuti mupite kuposa ine. Si kuti ndimakudani, ayi. Koma taonani minda yathu mmene yachepera. Mlongo wathu wamng'ono, Feggie, wakwatiwa, ndipo mwamuna wake alibe pogwetsa khasu. Munda mukulimawo ndinali nditawalonjeza kuti mukangonyamuka ndi wawo. Bedi lija ndinkalisamala kuposa anga, ndikupemphera kuti fodya wanu achite bwino. Lero inu mwataya munda kwanu, Feggie wataya munda kuno, ndiye mukuti ndakondwa?"

Lameki sanagonje. "Nanga malata aja? Si inu munandiikira phiri kutsogolo?"

"Malata aja ndinanenera mlongo wanga, kuti asakavumbwe. Mukanabwera n'kunena kuti alamu, malata andikanika, tikanakhala pansi. Nyumba ya udzu yofoleredwa bwino sindikanaikana. Ndinati ngati pali pofunika dzanja langa munene. Munanena?"

Lameki anafunafuna m'mawuwo pamene panabisala msampha, anawatembenuza uku ndi uku monga mwa chizolowezi chake, koma kunsi kwake kunalibe kanthu. Sankhani anatola sompho yake n'kupitiriza kusema.

Pobwerera, Lameki anamva fungo la mtedza wokazinga asanafike n'pakhomo pomwe. Lefina anali atamva zonse, pakuti nyumba zinali zoyandikana. Anali pamoto ndi chiwaya, ndipo pambali pake panali kathumba kaja, kopanda kanthu, makoko ali mbwee pansi. Anathira mtedzawo m'mbale, anawaza kamchere, n'kukaika pafupi ndi mpando wa ndalema.

"Idyani, bambo a Yankho."

"Mtedza uwu si uja munasungira achimwene anu?"

"Achimwene ali ndi wawo," anatero Lefina, osakweza mawu. "Iyi ndi mbewu ndinasankha kuti ndikadzale kwa Simlemba, m'munda wa apongozi anga. Ndinkafuna chaka choyamba ndikawaphikire chiponde cha mtedza wa kwathu. Tsopano ikangofumbwa pachabe. Idyani usanazizire."

Lameki anatola njere imodzi, yaikulu, yofiira bwino, yoti ikanabala dengu. Anaiyang'ana ili m'dzanja, koma kukamwa sinafike. Anakhala pomwepo mpaka mbale inazizira, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhalireni pampandopo, maso ake sanapite kukhomo la mlamu wake.

Nzeru Lameki anali nazo, mphamvu anali nazo, ndipo anthu omufunira zabwino anamuzinga mbali zonse: wina kuseri kwa nkhokwe, wina kudambo, wina m'nyumba mwake momwe. Iye anasankha kumvera mutu wake wokha. Mpaka lero akadali mkamwini kwa Lukwa, ndipo anthu akamadutsa pa chigafa chachitali chija amakumbutsana mawu a akuluakulu akuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.